Telala Amene Sankatsegula Makalata

Pa Boma la Dowa, m'zaka zija munthu sankalowa mumsika wopanda khadi ya chipani m'thumba, panali telala wina dzina lake Obadiya Mbewe. Ankasokera pakhonde la sitolo ya Benjamini. Khondelo silinali lake, mpando umene ankakhalapo sunali wake, ndipo makina amene ankapondaponda tsiku lonse anali a ngongole.

Luso anali nalo. Amayi a ku Msakambewa akagulitsa mtedza ankabwera ndi nsalu zawo, iye n'kuwasokera madiresi opitirira maondo monga lamulo linkanenera. Koma ntchito ya telala imayenda ndi nyengo. Anthu akagulitsa fodya makina salekeza kulira, ikafika Januwale umangosoka zigamba. M'miyezi ya zigambayo Obadiya ankangokhala n'kumaonerera lole ya Benjamini ikutsitsa matumba a shuga ndi mchere. Awiriwa anaphunzira sukulu imodzi ya mishoni, ndipo Benjamini ankakopera masamu kwa iye. Tsopano wokopera uja anali ndi nyumba ya malata ndi lamya yakuda pa kauntala, pamene mwini masamu ankagona m'nyumba yodontha. Zimenezi zinkamudya Obadiya pang'onopang'ono ngati chiswe m'nsichi.

Makinawo anawatenga ku kampani ina ya ku Lilongwe pa mtengo wa makwacha mazana awiri. Makwacha makumi awiri oyambira anamupatsa ndi mlongo wake wamkulu, Lidia, amene anagulitsa mbuzi zake ziwiri. Zotsalazo ankapereka makwacha khumi mwezi uliwonse kwa wantchito wa kampaniyo, Felton, amene ankabwera pa njinga yamoto. Felton sanali mlendo. Ankaimba naye kwaya imodzi, ndipo ndiye anali mboni pa ukwati wa Obadiya ndi Susana. Miyezi iwiri yoyamba anamulembera malisiti. Mwezi wachitatu anati buku latha, adzalemba ulendo wina. Wachinayi anati waiwala cholembera, n'kuseka. Kuyambira pamenepo nkhani ya malisiti sinatchulidwenso, chifukwa kupempha lisiti kwa munthu amene amasamba m'manja m'nyumba mwako kuli ngati kumutcha wakuba pamaso. Obadiya anapereka miyezi khumi ndi isanu ndi itatu osadumphitsa. Atamaliza, njinga yamoto ija inasiya kubwera, ndipo m'malo mwake munayamba kubwera makalata.

Monga onse opanda bokosi lawo ku positi ofesi, keyala imene Obadiya anapereka inali ya mpingo. Lamulungu lililonse mapemphero akatha, mlembi wa mpingo, a Elifala, ankaima kutsogolo ndi mtolo wa makalata n'kumaitana mayina, mwini kalata n'kudzuka kukalandira anthu onse akuona. Envulopu za kampani ija zinali ndi zilembo zofiira, zoti ngakhale wosadziwa kuwerenga ankazindikira kuti si za moni. Yoyamba inati Obadiya ali ndi ngongole ya makwacha zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi. Yachiwiri inatchula khoti ndi kulanda makina. A Elifala ndiwo anamuphunzitsa Obadiya kusoka ali mnyamata, ndipo ataona mmene ankayendera pokalandira kalata yachiwiriyo, anasiya kuitana dzina lake. Ankaisunga m'thumba n'kumupatsira kuseri kwa tchalitchi.

Lamya yokha ndiyo inalibe kuseri. Ikalira m'sitolo, Benjamini ankasuzumira pazenera n'kuitana mokweza kuti ogula onse amve.

"Obadiya, abale ako a ku Lilongwe aja akusowa. Fulumira, lamya yanga si ya mpingo."

Woimbayo anali munthu wa mawu ofatsa.

"Ndikuyankhula ndi a Mbewe? Ndine Dominiko, wa ku ofesi yotolera ngongole. Makalata athu mukuwalandira?"

"Ndikulandira, bambo. Koma ine ndinamaliza kulipira mwezi wa Meyi. Ndinkapereka kwa Felton, wantchito wanu."

"Buku lili patsogolo pangali likuonetsa miyezi iwiri yokha. Malisiti muli nawo?"

"Ndili nawo awiri."

"Ndiye tikugwirizana, a Mbewe. Malisiti awiri, miyezi iwiri."

"Mufunseni Felton."

"Tikanadziwa kumene ali tikanamufunsa. Ine sindikunena kuti mukunama. Koma aliyense amene ndamuimbira sabata ino akuti anapereka kwa Felton. Ena akunena zoona, ena angopezerapo mpata. Ndiwasiyanitsa bwanji pa waya?"

Tinene chilungamo mbali zonse. Obadiya analakwiridwa, ndipo amene anamulakwira anali mnzake wapamtima. Koma Dominiko nayenso sanali mfiti. Anali kalaliki wa malipiro ochepa, wokhala ndi buku patsogolo ndi bwana kumbuyo, ndipo bukulo linkanena zimene linkanenazo.

Susana, mkazi wa Obadiya, anali munthu wosapupuluma. Anafika sitandade eyiti, ndipo tsiku lililonse limene Felton anabwera kudzatenga ndalama ankalilemba kumapeto kwa buku lake la nyimbo. Anali asanaone mwana pa zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati, koma palibe mwa awiriwa anatulutsapo mawu oloza mnzake.

"A Mbewe, tilembe kalata," anatero Susana. "Tiikemo masiku onsewa. A Elifala asaine kuti ankamuona Felton akubwera. Kenaka tidikire."

Analemba, a Elifala anasaina, anatumiza. Panapita milungu isanu ndi umodzi popanda yankho. Lamya inalirabe kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo Benjamini ananena akupukuta kauntala kuti makina akalandidwa, pakhondepo aikapo wokonza mawotchi. Lamulungu lotsatira a Elifala anamukodolera kuseri n'kumupatsa envulopu ina ya zilembo zofiira. Obadiya sanaitsegule. Anaiika m'thumba la malaya, mtima ukumuuza kuti muli tsiku la khoti.

Madalaivala amene ankamwa tiyi pafupi ndi sitolo ankanong'ona kuti chuma cha Benjamini chinachokera kumapiri a Ntchisi, kwa mkulu wina wotchedwa a Samueli. Kaya zinali zoona kaya nsanje chabe, palibe akudziwa. Lolemba m'mawa Obadiya anauza Susana kuti akukayeza aphunzitsi ena masuti, n'kukwera basi ya ku Ntchisi.

Anayenda wapansi maola atatu kuchokera pamene anatsikira. Ankayembekezera kupeza zikopa ndi nsupa, koma anapeza nyumba yozira bwino ndi nkhalamba yovala jekete ya khaki, itakhala pamthunzi ikusenda mtedza. A Samueli pa unyamata wawo ankanyamula thumba la makalata wapansi pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Anamvetsera nkhani yonse osadula, manja akusendabe.

"Kalata yatsopanoyo mwabwera nayo?"

Obadiya anaitulutsa. Mkuluyo anaiika pachikhatho ngati akuyesa kulemera kwake, kenaka anaikweza kudzuwa.

"Mwaitsegula?"

"Ayi, agogo."

"Mwachita bwino. Tsopano mundiuze chimene mwadzera. Ngati mukufuna kuti anthu a ngongolewa akusiyeni, mundipatse nkhuku imodzi, ndikupatsani kamuzu, mubwerere pakhonde panu mukapitirize zigamba. Ngati mukufuna kuti khondelo likhale lanu, ndi sitolo yomwe, ndi lamya ikulirayo, imeneyo ndi nkhani ina."

Nkhuku Obadiya anali nazo zinayi kunyumba. Koma m'makutu mwake munkamveka mawu a Benjamini akuitana pazenera.

"Nkhani inayo ndi yotani?"

"Ngongole ili ngati mlandu, mwana wanga, siwola. Sindingaiphe. Ndingaisamutse basi, ndipo ikasamuka imasiya malo oti chuma chilowepo. Kalata iliyonse yochokera kwa anthu amenewa musaitsegule, ndipo akaimba lamya musayankhule nawo. Mufafanize dzina lanu pa envulopu, mulembepo la munthu wina ndi dzanja lanu. Inu ndinu telala. Muisokere m'kati mwa chovala, mumupatse ngati mphatso. Akalandira ndi manja awiri n'kuthokoza, kalata yafika kwa mwini wake."

"Ndiye kumuchitikira chiyani?"

"Alipira."

"Ndi ndalama?"

"Ndi chimene ali nacho."

Nkhope ya Felton inamubwerera Obadiya m'maganizo, ndipo anaona ngati Mulungu wamutsegulira njira.

"Dzina ndili nalo kale. Ndimusaka mpaka ndimupeze."

A Samueli anaseka pang'ono n'kuuzira makoko a mtedza pachikhatho.

"Onse amayamba ndi mdani. Mankhwala awa sadya mdani, ndi wowawa. Amafuna munthu amene sanakulakwirenipo, amene amakukhulupirirani ndi mtima wonse. Ndipo kalata isagone kwa inu kupitirira mwezi. Yosowa woilandira imabwerera kwa amene analemba keyala."

"Makalatawo adzakhala angati?"

"Amene akulemba si ine."

Apa ndi pamene Obadiya akanatha kudzuka n'kukatenga nkhuku. Palibe anamugwira dzanja. Anatambasula mkono yekha, a Samueli n'kumutema mphini zitatu pa chala chachikulu chimene amakankhira nsalu pansi pa singano.

Pobwerera m'basi anawerenga anthu amene ankamukhulupirira, ndipo sanali ambiri. Anaima pa a Elifala. Anadziuza kuti ndi okalamba kale, zaka zawo zatha, ana awo ndi aakulu. Anagula nsalu yakuda pa ngongole kwa Benjamini, n'kusoka jekete yabwino kuposa ina iliyonse imene anasokapo. Kalata ija anaipinda n'kuisokera pakati pa nsalu ya kunja ndi ya m'kati, cha pamtima.

A Elifala analandira ndi manja awiri. Anatembenuza jeketeyo, n'kuyang'ana msoko wa m'khwapa monga ankachitira pomuphunzitsa.

"Wandipitirira, mwana wanga. Ine sindinafikepo apa. Ndidzavala pa Mgonero."

Anavaladi pa Mgonero. Sabata yotsatira miyendo inayamba kutupa. Anapita nawo kuchipatala cha Mtengowanthenga, kumene anawasamalira mmene akanathera, koma mwezi usanathe anamwalira. Anawaika m'manda atavala jekete yomweyo, ndipo Obadiya ananyamula nawo bokosi.

Chuma chinabwera ngati madzi a mvula yogwa kumtunda. Sukulu zitatu zinamupatsa ntchito yosoka yunifolomu. Mwini esiteti ina ya fodya anafuna maovololo a antchito mazana awiri. Chaka chisanathe Obadiya anali ndi makina asanu ndi amisiri anayi. Lole ya Benjamini inagwa pamlatho, katundu anamuthera, ndipo anagulitsa sitolo kwa telala wake wa pakhonde, pamodzi ndi kauntala ndi lamya. Obadiya anafolera nyumba ndi malata, anagula lole yakeyake, anatsegula bokosi lake ku positi ofesi. Anthu amene kale ankati "Obadiya" anayamba kunena kuti "abwana a Mbewe".

Lamya ikalira ankainyamula yekha. Kangapo konse anamva mawu ofatsa aja akuti, "A Mbewe, ndine Dominiko, chonde musadule, ndili ndi uthenga," iye n'kuibweza pamalo pake msanga ngati yotentha. Susana atafunsa za ngongole ija, anamuyankha kuti inatha. Mkaziyo anakhulupirira, chifukwa mwamuna wake anali asanamunamizepo.

Patapita chaka ndi miyezi iwiri, atayamba kuganiza kuti a Elifala analipira zonse, anapeza m'bokosi muja envulopu ya zilembo zofiira. Anaibisa pansi pa nsalu m'sitolo. Sabata yoyamba anadziuza kuti sadzachitanso. Yachiwiri anayamba kuonda, chala cha mphini chija chikuwawa ngati chalumidwa ndi nankalizi. Yachitatu chiswe chinadya mipukutu isanu ndi umodzi ya nsalu tsiku limodzi. Mantha analipo, sitingakane, pakuti ankadziwa kuti kalatayo ikabwerera idzafikira pa iye. Koma pambali pa manthawo panalinso mawu ena, omufunsa ngati angathe kubwereranso pakhonde la munthu wina. Sabata yachinayi anadula nsalu ya buluu ya maluwa oyera, n'kusoka diresi la lamba wotambalala. Kalata anaipinda motalika n'kuilowetsa m'lambamo.

Anakapeza Lidia akupeta mapira pabwalo. Mayiyo anapukuta manja pachitenje, anagwada, n'kulandira ndi manja awiri.

"Alongo, mbuzi zanga zija zabereka diresi?" anatero akuseka. "Ndikanadziwa ndikanagulitsa khola lonse."

"N'kanthu kochepa, alongo."

"Kochepa kwa inu olemera. Ine ndidzavala ku ukwati wa ku Mponela, anthu adziwe kuti ndili ndi mlongo."

Anavala kawiri kokha, ku ukwatiwo ndi ku tchalitchi, n'kulisunga m'sutikesi osalichapa, kuopa kuti lingasuluke. Mwezi wachiwiri anayamba kutsokomola, wachitatu anamwalira. Obadiya anagula bokosi lamtengo wapatali, anapha ng'ombe, ndipo analira kwambiri mpaka anthu anamugwira. Misoziyo inali yeniyeni. Munthu amatha kulira moona mtima maliro amene wawapanga yekha.

Patatha masiku, amayi a pamudzi anakhala pansi kugawa zovala za malemu monga mwa mwambo. Diresi la buluu lija anapatsa Susana, poti linachokera m'nyumba mwake. Kuyambira sabata imeneyo Obadiya anaona kuti mkazi wake wachepetsa mawu. Ankamuikira madzi osamba, ankamupatsa moni, koma maso ake ankakhala pa manja a mwamunayo, osati pa nkhope. Iye anangoti ndi chisoni cha maliro.

Kalata yotsatira sinadikire chaka. Inabwera patangopita miyezi itatu.

Obadiya anakhala nayo milungu itatu akusanthula mayina. Amisiri ake ankamuopa, sankamukhulupirira. Ku mpingo anthu ankamupatsa mpando wakutsogolo, koma ankanong'ona za chuma chobwera mothamanga chotere. Benjamini ankalavula akamuona. Anayesa kukomera mtima mayi wina wamasiye, kumupatsa shuga ndi sopo, koma mayiyo analandira ndi dzanja limodzi, maso ali tcheru. Panatsala dzina limodzi. Analilemba Lachinayi masana, atatseka chitseko cha sitolo.

Loweruka m'mawa anabwera ndi diresi lobiriwira, n'kulipereka kwa Susana ali pamphasa akusankha nyemba.

"Nankhoma, ndakusokera aka."

Susana sanatambasule manja. Anayang'ana diresilo nthawi yaitali.

"Ikani pamphasapo, a Mbewe."

"Landira, ndi lako."

"Ndati ikani pamphasa."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sizasi ndi diresi la buluu la Lidia, lamba wake atasomoledwa kale. Anakhala pansi, anakoka diresi lobiriwira ndi nsonga ya sizasi, n'kuyamba kudula ulusi wa m'lamba umodziumodzi. Envulopu inatuluka. Susana anaitambasula n'kuwerenga dzina lake, lolembedwa pamwamba pa dzina lofafanizidwa.

"Mwalemba bwino," anatero. "Simunaiwale ndi dzina la bambo anga lomwe."

"Nankhoma, ndimvere kaye."

"Ndakumverani zaka zisanu ndi zinayi. Pamene ndinkapinda diresi la alamu anga kuti ndikachape, ndinamva pepala m'lamba. Ndinapeza dzina lawo m'zilembo zanu. Ndinakumbuka jekete ya a Elifala, mmene munakanira kuti ndikuthandizeni kuisita. Miyezi itatu iyi ndakhala ndikudziuza kuti mwina ndikuganiza zoipa, kuti pali tanthauzo lina limene ine sindikulidziwa. Ndinkapemphera kuti musandisokere kanthu."

Anatenga kalata ya m'diresi la Lidia, yotsegulidwa kale.

"Munaiwerengapo iyi?"

"Sindiloledwa."

"Ndikuwerengerani ine." Mawu ake sanakwere. "Akuti, 'Bambo Mbewe, tikukumbutsani za kalata imene tinakulemberani chaka chatha. Titalandira masiku amene munatitumizira ndi umboni wa a Elifala, tinafufuza ndipo tinapeza kuti munalipira zonse. Amene ankatolera ndalama uja anagwidwa ku Kasungu ndipo anavomera. Mulibe ngongole ndi ife. Tikupepesa chifukwa cha makalata ndi lamya zimene zinakusautsani. Chonde bwerani mudzasaine ndi kutenga chikalata chosonyeza kuti makina ndi anu. Ndayesa kukuimbirani kangapo koma lamya imaduka. Ine, Dominiko.'"

Anang'amba envulopu ya dzina lake ija n'kuyang'anamo.

"Iyinso ndi zomwezo. Akuti akutseka nkhaniyi, ndiye akufuna mudzatenge chikalata chanu mwezi uno."

Obadiya anakhala pansi, padothi. M'maganizo anaona kalata ija ya kuseri kwa tchalitchi, imene anapita nayo ku Ntchisi ili yomata, imene tsopano inali m'manda pachifuwa cha a Elifala.

"Felton anakuberani ndalama," anatero Susana akunyamuka. "Ndinamuda limodzi ndi inu. Koma Felton anaba kwa munthu amene akanatha kuchira. Inu munasankha okhawo amene sakanakukayikirani."

Tsiku lomwelo anamanga katundu wake, buku la nyimbo pamwamba, n'kupita kwawo ku Msakambewa. Sanatenge kanthu kalikonse kogulidwa ndi chuma cha sitolo. Makalata awiri aja anakawaonetsa ankhoswe.

Obadiya anathamangira ku Ntchisi pa lole yake. Anapeza a Samueli pamthunzi womwe uja.

"Munkadziwa," anatero asanapereke n'komwe moni. "Munaikweza kudzuwa. Munkadziwa kuti ndinalibe ngongole."

"Ndanyamula makalata zaka makumi atatu, mwana wanga. Yoopseza ndi yopepesa sizilemera mofanana."

"Bwanji simunandiuze?"

"Munandifunsa? Paja amati safunsa anadya phula. Ndinakuuzani za nkhuku, inu munafunsa za sitolo."

"Ngati ngongole panalibe, anthu aja analipira chiyani?"

"Panalibe mutabwera. Munachoka nayo pano."

"Imasuleni. Tengani lole, tengani sitolo, zonse."

"Ndikazitani ine zimenezo, ndi mano awiri awa? Mwatsala ndi masiku asanu. Dzina la mayi uja lafa, sakukukhulupiriraninso. Kapezeni wina."

Koma nkhani inali itafika kale pa Boma iye asanabwerere. Amisiri anasiya ntchito tsiku limodzi. Makolo anavula ana awo yunifolomu n'kusomola mipendero kufunafuna mapepala. Anthu amene anawasokerapo kanthu anatentha zovalazo kuseri kwa nyumba. M'masiku asanu amenewo Obadiya anayenda khomo ndi khomo atanyamula malaya atsopano, ndipo panalibe wolandira ngakhale kampango. Ena ankabisa manja kumbuyo akamuona akubwera.

Mwezi wa kalata ija utakwana, anthu anamupeza m'mawa atakhala pakati pa msewu wa kutsogolo kwa sitolo, akusoka tsamba la nthochi ndi singano yopanda ulusi. Sukulu zinabweza ntchito, ogulitsa nsalu a ku Lilongwe anabwera kudzatenga katundu wawo, ndipo ulendo uno ngongole zake zinali zenizeni. Lole inagulitsidwa, sitolo inatsekedwa.

Anakhala zaka ziwiri akuyendayenda pakati pa msika ndi positi ofesi, atavala nsanza zosanjikiza. Sankamenya munthu, sankatukwana. Ankangoima patsogolo pa mlendo aliyense wotsika basi, kansalu m'manja, n'kufunsa mwaulemu, "Pepani bambo, kodi inu mumandikhulupirira?" Susana ankatumiza ufa kwa mayi wina wa pamsika kuti azimuphikira, koma iye mwini sanabwerenso kudzamuona, ndipo palibe angamudzudzule pa zonse ziwirizo.

Anafa m'nyengo ya dzinja, m'ngalande ya m'mbali mwa msewu wopita ku Ntchisi. Amuna amene ankakonza thupi lake anamva kuti nsanzazo zikuchita phokoso pozivula. M'mipendero yonse munali timapepala ta mapaketi a shuga ndi a fodya, tosokeredwa mosamala, mazana angapo. Pa kalikonse panalembedwa dzina limodzi, Obadiya Mbewe.

Munthu ameneyu analakwiridwa, ndipo mkwiyo wake unali ndi chifukwa. Koma chimene chinamupha si Felton, si kalaliki wa ku Lilongwe, ngakhalenso nkhalamba ya kumapiri ija. Choonadi chake chinali chitapambana kale, chili m'thumba la malaya ake, chikungodikira kuti ang'ambe envulopu. Anapatsidwa mwayi woti angopulumuka, iye anasankha kuposa mnzake. Dyera limalowa mosavuta mumtima umene wapwetekedwa, chifukwa limabwera litavala ngati chilungamo. Wolakwiridwa aime pa choonadi chake, asunge umboni, afunse, adikire, ngakhale kudikirako kukhale kowawa. Chuma chobwera mwachidule chimalipiridwa ndi anthu amene amakukonda, ndipo akatha iwowo, wotsala kulipira ndiwe.